Madokotala a Chiaborijini ophunzira u-GP ku Australia: mafunso ndi mayankho pa za kuthandizana kwawo

Ku Australia kuli madokotala oposa 100,000, koma ochokera m'mitundu ya eni nthaka safika ngakhale mmodzi pa 100 alionse. Ochepawa akamasankha ukatswiri, ambiri amalowera ku u-GP, udokotala woona odwala a matenda osiyanasiyana asanapite kwa katswiri wina, ndipo kwa zaka zambiri akhala akudzikonzera okha njira zogwirana manja kuti aliyense amene wayamba maphunzirowa akafike kumapeto. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene wa zaumoyo kapena wophunzira angakhale nawo atamva za nkhaniyi.

Kodi eni nthaka tikunenawa ndani?

Ndi magulu awiri. Loyamba ndi Aaborijini, amene makolo awo akhala m'dzikoli zaka zoposa 50,000. Lachiwiri ndi anthu a pa zilumba za Torres Strait, pakati pa nsonga ya Cape York ndi Papua New Guinea. Aaborijini si mtundu umodzi. Pamene Angerezi ankafika mu 1788 kunali zilankhulo zoposa 250, ndipo mpaka lero munthu amadzitchula ndi dzina la mtundu wake: Wiradjuri, Noongar, Yolngu, Larrakia, Worimi ndi ena ambiri. Mu 2021 boma linawerengera kuti magulu awiriwa ali ndi anthu pafupifupi 983,700, kutanthauza anthu pafupifupi 4 pa 100 alionse m'dzikolo. Ambiri amakhala m'mizinda ndi m'matauni a New South Wales ndi Queensland, osati m'chipululu monga zithunzi zimationetsera.

Khungu silinena kanthu pa nkhaniyi. Munthu amadziwika kuti ndi Mwaborijini ngati ali wa magazi amenewo, ngati iye mwini amadzitchula choncho, komanso ngati anthu a kwawo amamuvomereza. Pali madokotala a Chiaborijini oyera khungu, ndipo iwowa amamva zonyoza zambiri zimene anzawo a pantchito amalankhula momasuka poganiza kuti m'chipindamo mulibe mwini nkhani.

GP ndi dokotala wotani, ndipo maphunziro ake amayenda bwanji?

GP ndi dokotala amene wodwala amayamba kumuona asanapite kwina kulikonse. Amaona khanda, mayi woyembekezera, nkhalamba ya shuga, mnyamata wovutika maganizo, onsewa m'mawa umodzi, ndipo ndiye amalemba kalata yotumiza munthu kwa katswiri wina. Amafanana ndi madokotala a za mabanja amene KUHeS imaphunzitsa ku Mangochi, kungoti ku Australia ambiri amagwira ntchito m'makiliniki ang'onoang'ono osati m'chipatala cha boma.

U-GP kumeneko ndi ukatswiri pawokha. Munthu akamaliza ku yunivesite n'kugwirako ntchito m'chipatala chachikulu, amalowa maphunziro pansi pa imodzi mwa makoleji awiri. Royal Australian College of General Practitioners, mwachidule RACGP, inayamba mu 1958 ndipo maphunziro ake amatenga zaka zitatu. Australian College of Rural and Remote Medicine, mwachidule ACRRM, inayamba mu 1997, imakonzekeretsa madokotala a kumidzi, ndipo maphunziro ake ndi a zaka zinayi. Kuyambira mu February 2023 makoleji awiriwa ndiwo akuyendetsa okha maphunzirowa ndi ndalama za boma. Dokotala amene ali pa maphunzirowa amatchedwa registrar. Ndi dokotala weniweni, amaona odwala yekha m'chipinda chake, koma ali ndi GP wamkulu womuyang'anira.

Mawu akuti "yekha m'chipinda chake" ndi ofunika kuwagwira. M'chipatala chachikulu madokotala achinyamata amayenda m'gulu, amadyera limodzi, amadandaulirana m'makonde. Registrar wa u-GP amatseka chitseko n'kukhala ndi wodwala mmodzi, kenako wina, tsiku lonse. Ndipo nthawi zambiri amasamutsidwa kupita ku kiliniki ina pakatha miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka.

N'chifukwa chiyani madokotala a Chiaborijini ali ochepa chonchi?

Chifukwa chitseko cha sukulu chinatsegulidwa mochedwa kwambiri. Ku New South Wales, mpaka mu 1972, mphunzitsi wamkulu ankatha kukana mwana wa Chiaborijini ngati makolo achizungu adandaula. Kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka cha m'ma 1970, maboma ankalanda ana a Chiaborijini kwa makolo awo n'kukawasunga m'mamishoni ndi m'nyumba za Azungu, komwe ambiri ankaphunzitsidwa ntchito za m'nyumba ndi za kumafamu. Nduna yaikulu Kevin Rudd inapepesa pa zimenezi pa 13 February 2008. Charles Perkins, mmodzi mwa Aaborijini oyamba kutenga digiri, anamaliza ku University of Sydney mu 1966.

Dokotala woyamba wodziwika wa Chiaborijini, Helen Milroy, wa mtundu wa Palyku, anamaliza ku University of Western Australia mu 1983. Tayerekezani ndi New Zealand, dziko loyandikana nalo, kumene Māui Pōmare wa mtundu wa Māori anakhala dokotala mu 1899. University of Newcastle ndiyo inayamba kusaka dala ophunzira a Chiaborijini, ndipo oyamba ake, Sandra Eades ndi Louis Peachey, anamaliza mu 1990. Dokotala woyamba wa maopaleshoni, Kelvin Kong, ndi woyamba wa maso, Kris Rallah-Baker, onse akugwirabe ntchito lero. Mbiri yonseyi ikukwana m'moyo wa munthu mmodzi.

Masiku ano olowa sukulu za udokotala achuluka ndithu. Vuto lasamukira kutsogolo: kuti amene alowawo amalize, kenako amalizenso zaka za ukatswiri.

Munthu wafika kale pa udokotala. Akufuniranji thandizo lapadera?

Nzeru alinazo, za izo palibe mkangano. Chimene chimamusiyanitsa ndi registrar mnzake ndi katundu amene amasenza pamwamba pa ntchito ndi mayeso.

Woyamba ndi tsankho. Bungwe la Medical Board of Australia limachita kafukufuku chaka ndi chaka pakati pa madokotala amene ali pa maphunziro. Mu 2022, oposa theka la madokotala a Chiaborijini ndi a ku Torres Strait amene anayankha ananena kuti anachitiridwa kapena anaona nkhanza, kuzunzidwa, kusalidwa kapena tsankho pantchito. Mwa madokotala onse pamodzi anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Tsankholi silibwera ndi mawu otukwana nthawi zonse. Limabwera ngati namwino amene akuti wodwala uja "ndi wa anthu aja osamwa mankhwala", kapena wodwala amene akufunsa ngati dokotalayu analemba mayeso ofanana ndi a anzake, kapena mkulu wa pantchito amene akuseka kuti malo a ku yunivesite anawapeza mwaulere. Dokotalayo amayenera kusankha pomwepo: ayankhe, n'kutchedwa wovuta, kapena ameze. Ndipo amene wanena mawuwo mwina ndi yemweyo amene adzalembe lipoti la mmene akuchitira pa maphunziro.

Wachiwiri ndi ntchito yosalipidwa yokhala "Mwaborijini wa pano". Wodwala aliyense wa Chiaborijini amakankhidwira kwa iye. Sabata ya NAIDOC, yokondwerera mbiri ndi chikhalidwe cha eni nthaka, ikafika mu July, ndiye akonze mwambo. Kiliniki ikafuna kulemba ndondomeko ya za chikhalidwe, ndiye akhale mu komiti. Anzake a pantchito amamufunsa za miyambo ya mitundu imene sanakhaleko n'komwe. Mu 2023, dziko likukonzekera referendamu ya pa 14 October yofunsa ngati eni nthaka akhale ndi bungwe lolangiza nyumba ya malamulo, madokotalawa ankafunsidwa maganizo awo pa tiyi, m'chipinda choonera odwala, paliponse. Anthu pafupifupi 60 pa 100 alionse anavota kuti ayi, ndipo Lolemba lake ntchito inali kudikira monga mwa masiku onse.

Wachitatu ndi wa kunyumba. Ambiri ndi oyamba m'banja lawo kupita ku yunivesite, ena anayamba udokotala atakula kale, ali ndi ana, atagwirapo ntchito ya unamwino kapena ya zaumoyo m'midzi. Malipiro awo amadyetsa anthu ambiri. Ndipo matenda amene amawawerenga m'mabuku ali m'nyumba mwawo: shuga, impso, mtima. Ziwerengero za boma za 2020 mpaka 2022 zikuonetsa kuti mwamuna wa Chiaborijini amayembekezeka kukhala ndi moyo zaka 71.9 ndipo mkazi zaka 75.6, zomwe ndi zochepa ndi zaka zoposa zisanu ndi zitatu poyerekeza ndi anthu ena a m'dzikolo. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, ziwerengerozi zimatanthauza maliro pafupipafupi, ndiponso a anthu osakalamba.

Zonsezi GP womuyang'anira, ngakhale akhale wa mtima wabwino chotani, sanazisenzepo. Amene anazisenzapo ndi mnzake amene ali patsogolo pake ndi chaka chimodzi kapena ziwiri.

Ndi mabungwe ati amene amachita ntchitoyi?

Loyamba kulitchula ndi limene ma registrar anadziyambitsira okha mu 2008, Indigenous General Practice Registrars Network, limene pano likudziwika kuti Indigenous General Practice Trainee Network, mwachidule IGPTN. Mmodzi mwa oliyambitsa ndi Dr Aleeta Fejo wa mtundu wa Larrakia wa ku Darwin. Cholinga chake n'chosabisika: aliyense wa iwo akafike pa fellowship, ndiko kuti chiphaso chomaliza cha koleji. Limachititsa misonkhano ya masiku angapo yokumana maso ndi maso, magulu owerengera limodzi pa intaneti ndi mayeso oyeserera, ndipo ophunzitsa ake ambiri ndi ma GP a Chiaborijini amene anadutsa njira yomweyo.

Lalikulu ndi Australian Indigenous Doctors' Association, mwachidule AIDA, limene linayamba mu 1997 ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Louis Peachey uja. Ili limasonkhanitsa madokotala a ukatswiri uliwonse pamodzi ndi ophunzira a ku yunivesite, limakhala ndi msonkhano waukulu chaka chilichonse, ndipo limalankhula ndi boma ndi makoleji m'malo mwa mamembala ake. Makoleji nawo ali ndi mbali yawo. RACGP inakhazikitsa nthambi ya za umoyo wa Aaborijini ndi a ku Torres Strait mu 2010, ndipo ili ndi pulogalamu yokonzekeretsa mayeso yotchedwa Yagila Wadamba.

Pa mayeso amathandizana bwanji kwenikweni?

Apa ndi pamene phindu limaonekera msanga. Wa RACGP amalemba mayeso awiri a papepala, AKT ndi KFP, kenako amakumana ndi CCE, yomwe imachitikira pa Zoom: amakambirana nkhani za odwala ndi omuyesa, ndiponso amaona anthu ochita sewero ngati odwala. Wa ACRRM ali ndi mayeso ake, ndipo oopedwa kwambiri ndi StAMPS, kumene amamuuza kuti ayerekeze ali m'tauni ina ya kumudzi, yokhala ndi zipangizo zakutizakuti ndi mtunda wakutiwakuti kukafika kuchipatala chachikulu, n'kumamuponyera nkhani za odwala imodzi ndi imodzi. Mayeso alionse amadya madola masauzande angapo, ndipo mwayi wobwereza uli ndi malire.

Tiyerekeze madzulo ena a pakati pa sabata. Ana agona, anthu anayi ali pa Zoom, mmodzi ku Cairns, wina ku Dubbo, wina ku Broome, ndipo wachinayi ndi GP amene anakhoza chaka chatha. Iyeyu atenga mbali ya bambo wa zaka makumi asanu amene wabwera akumva kumanga pachifuwa. Registrar ayamba mmene amachitira ku kiliniki kwake: afunsa za kumudzi, za ana, za amene wamuperekeza, kudikira kuti bamboyo amasuke. Wotchi ikuyenda. Nthawi itha asananene kuti akuopa matenda a mtima, asanatchule ECG yopima mtima, asananene kuti aitana ambulansi. Womuyesayo amuuza mosapita m'mbali: "Zonse unazidziwa, ndinaziona m'maso mwako. Koma woyesa sapereka malikisi pa zimene zili m'mutu. Nena mokweza, ndipo yamba ndi chimene chingamuphe." Abwerezanso, kachiwiri, kachitatu, mpaka lilime lizolowere.

Chitsanzochi chikuonetsa vuto lenileni. Kucheza kaye ndi wodwala, kusathamangira mafunso olunjika, kusadzionetsa kuti ukudziwa zonse pamaso pa wamkulu, ndi makhalidwe amene amamuthandiza dokotalayu kuntchito. Pa mayeso a mphindi zowerengeka angamugwetse. Mphunzitsi wina angamuuze kuti asiye khalidwe lakelo. Mnzake amamuonetsa mmene angalisungire kwinaku akupatsa woyesa zimene akufuna.

Palinso nkhani ya kufunsa. Registrar amene akudziwa kuti anthu ena akudikira kuti alakwitse kuti anene kuti "tinanena ife" safunsa funso looneka lopusa pagulu la anthu makumi atatu. Amangokhala chete n'kukalimbana nalo yekha usiku. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kuti munthu afunse pamafunika malo amene funso lake silidzasanduka umboni womutsutsa iye ndi mtundu wake wonse. Ndipo wina akalephera mayeso, zomwe zimachitika, pamakhala munthu womuimbira foni sabata yomweyo n'kumuuza kuti nayenso analepherapo KFP, koma lero ali ndi chiphaso.

Kodi mlangizi amasiyana bwanji ndi woyang'anira?

Woyang'anira ndi GP wamkulu wa pa kiliniki. Amayankha mafunso a za odwala, amaphunzitsa, komanso amalemba malipoti opita ku koleji. Nthawi zina ndiyenso mwini kiliniki, ndiye kuti ndi bwana wolipira malipiro. Munthu wotere sungamuuze zonse.

Mlangizi alibe cholembera cha malikisi. Ndi dokotala amene ali patsogolo, kawirikawiri wa kutali ndi kiliniki yako, amene ungamufunse ngati uyenera kudandaula za mawu amene ananena mkulu uja, ngati ndi nzeru kupuma miyezi itatu, kapena mmene ungakanire komiti yachisanu popanda kudana ndi anthu. Ulangizi wina umakonzedwa ndi bungwe, ndipo awiriwo amagwirizana nthawi zokumana. Wina umangoyamba wokha pa chakudya cha pa msonkhano wa AIDA n'kukhala zaka.

Palinso alangizi a za chikhalidwe, amene nthawi zambiri si madokotala. Ndi akuluakulu a m'deralo kapena ogwira ntchito zaumoyo a Chiaborijini, amene anthu amawatchula mwaulemu kuti Aunty kapena Uncle. Ntchito yawo ndi yothandiza registrar aliyense, wa mtundu uliwonse, kudziwa anthu a m'deralo. Wina angadabwe kuti Mwaborijini akufuniranji mlangizi wotere. Koma dokotala wa mtundu wa Wiradjuri wokulira ku Sydney akatumizidwa ku Arnhem Land, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo, amakhala mlendo. Chilankhulo n'china, malamulo a ubale ndi ena, pali anthu amene sayenera kukhala m'chipinda chimodzi, pali nkhani za amuna zokha ndi za akazi zokha.

Nanga amene akugwira ntchito kwawo kwenikweni, sizimuphwekera?

Zimaphweka pena, zimavuta pena. Odwala amamukhulupirira msanga. Koma malamulo a udokotala amaletsa kuchiza achibale pokhapokha ngati palibiretu njira ina, ndipo m'tauni yaing'ono theka la odwala ndi azakhali, asuweni ndi apongozi. Amakumana nawo kusitolo n'kumufunsa zotsatira za magazi. Amadziwa chinsinsi cha msuweni chimene mayi ake omubereka akufuna kumva. Lamulo likamukakamiza kukanena za mwana amene akuzunzidwa, amadziwa bwino lomwe zimene mawu oti boma likubwera kudzaona ana amatanthauza m'banja limene agogo ake analandidwa ali aang'ono. Mabuku a koleji amanena za malire pakati pa dokotala ndi wodwala ngati kuti dokotalayo amachokera kutali nthawi zonse. Mayankho ogwira ntchito, monga kugwirizana ndi dokotala mnzake kuti azisinthana odwala achibale, kapena mawu oyankhira azakhali kusitolo mosawanyoza, amachokera kwa amene anakhalapo m'vutoli.

Maliro nawo ndi nkhani. Aaborijini amawatcha Sorry Business, ndipo m'madera ena amatenga masabata, munthu n'kuyenda ulendo wautali kuti akapezekepo. Owerenga athu sakufunika kuwafotokozera chifukwa chake munthu sangajombe maliro a amalume ake. Koma masiku a tchuthi cha maliro m'malamulo a ntchito ku Australia ndi ochepa kwambiri, ndipo amawerengera achibale a pafupi okha monga mmene Azungu amawerengera ubale. Mlangizi amathandiza registrar kudziwa zimene angapemphe kwa bwana ndi ku koleji, ndiponso kuzipempha nthawi isanathe.

Kodi kumeneku si kukondera? Mayeso awo safewetsedwa?

Safewetsedwa. AKT ndi yomweyo, CCE ndi yomweyo, malikisi okhozera ndi omwewo. Chimene chimaperekedwa ndi kukonzekera, ndipo ana a madokotala akhala akulandira kukonzekera kotereku kwaulere pa tebulo la chakudya kunyumba kwawo kuyambira kale, popanda wina kukutcha kukondera.

Odwala amapindulapo chiyani?

Nkhani ya ku Inala, m'dera la mzinda wa Brisbane, imayankha bwino. Chapakati pa zaka za m'ma 1990, kiliniki ya boma ya kumeneko inali ndi odwala a Chiaborijini 12 okha m'mabuku mwake, chonsecho m'deralo munali Aaborijini ambiri. Dr Noel Hayman, mmodzi mwa madokotala oyamba a Chiaborijini ku Queensland, pamodzi ndi anzake anafunsa anthuwo chifukwa chake sankabwera. Mayankho anali osavuta kumva: panalibe munthu wawo wogwira ntchito pamalopo, ndipo sankalandiridwa bwino. Zimenezi zitakonzedwa, odwala anafika masauzande.

Munthu amene amachita mantha ndi chipatala amabwera mochedwa, shuga atawononga kale impso, kapena mwana atagontha kale ndi mafinya a m'khutu. Registrar mmodzi akasiya maphunziro panjira, dera lina limataya dokotala amene anthu akanapita kukamuona matenda asanakule.

Kodi onse amakagwira ntchito m'zipatala za Aaborijini?

Ayi, ndipo sakakamizidwa. Zipatala zoyendetsedwa ndi Aaborijini eni ake zinayamba ndi cha ku Redfern mu Sydney mu 1971, ndipo lero zilipo zoposa 140 pansi pa bungwe la NACCHO. Ma registrar ambiri amazikonda chifukwa m'menemo sakhala okha. Koma ena amasankha kiliniki wamba ya m'tauni, ena usilikali, ena kafukufuku. Mlangizi wabwino amateteza ufulu umenewu, chifukwa chikakamizo choti "ubwerere ukathandize kwanu" chimatha kulemera ngati tsankho lomwe.

Amene ali kutali kwambiri amafikiridwa bwanji?

Australia ndi dziko lalikulu moti registrar wa ku Kimberley kapena wa pa Thursday Island angakhale pa mtunda wa maola ambiri pa ndege kuchokera kwa mnzake wapafupi. Pali pulogalamu yotchedwa Remote Vocational Training Scheme imene imalola dokotala kuphunzira osachoka m'dera lake, womuyang'anira ali kutali, akulankhulana pa foni ndi pa intaneti. Magulu owerengera limodzi nawo amayenda pa intaneti. Komabe misonkhano yokumana pamaso ndi imene imamanga ubale. Munthu amene unadya naye, n'kuseka naye, ndi amene umalimba mtima kumuimbira usiku zinthu zikavuta.

Kodi njirayi ilibe zofooka?

Ilinazo, ndipo chachikulu n'chakuti alangizi ndi ochepa. Ma GP a Chiaborijini amene ali ndi chiphaso ndi omwewo amene akufunidwa m'makomiti, m'mayunivesite, pa wailesi ndi m'makiliniki awo. Kuwawonjezera ma registrar atatu aliyense, madzulo, kwaulere, ndi kuwasenzetsa katundu yemwe uja amene tikuti achepe. Ulangizi uyenera kulipidwa ndi kupatsidwa nthawi yake mkati mwa maola a ntchito.

Chachiwiri, gululi ndi laling'ono, aliyense amadziwa aliyense. Chinsinsi chikapanda kusungidwa bwino, nkhani ya registrar wa ku Perth imafika ku Townsville sabata isanathe. Mikangano ya m'mabanja ndi ya pakati pa mitundu nayo siithera pakhomo la msonkhano.

Chachitatu ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Kuthandizana kukamayenda bwino, makoleji ndi makiliniki angapezerepo pothawira. Registrar wanyozedwa kuntchito, anzake amutonthoza, wabwerera Lolemba, ndipo wonyozayo ali pampando wake osafunsidwa kanthu. Kuyambira mu 2022 lamulo loyendetsa ntchito za azaumoyo ku Australia limanena kuti chithandizo chiyenera kukhala chopanda tsankho ndi cholemekeza chikhalidwe cha eni nthaka, ndipo bungwe la Ahpra, lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo, limati amene angaweruze ngati zimenezi zikuchitika ndi eni nthakawo. Udindo wokonza malo a ntchito uli pa olemba ntchito ndi makoleji. Gulu la ma registrar lingathandize munthu kulemba dandaulo ndi kumuperekeza, koma silingachotse kiliniki pa mndandanda wa malo ophunzitsira. Mphamvu imeneyo ili ndi koleji.

Ngati vuto lafika pa kudwala maganizo, anzake angakwanitse?

Ayi, ndipo mlangizi wanzeru amadziwa polekezera. Dokotala aliyense amalimbikitsidwa kukhala ndi GP wakewake. Pali Drs4Drs, yothandiza madokotala mwachinsinsi, ndi 13YARN, nambala ya foni imene imayankhidwa ndi Aaborijini ndi anthu a ku Torres Strait usana ndi usiku. Ntchito ya mnzake ndi kuzindikira msanga kuti uyu wasiya kubwera pa Zoom, wasiya kuyankha mauthenga, n'kumufunafuna.

Ndine dokotala wochokera ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe ndipo ndikugwira ntchito ku Australia. Ndingalowe nawo?

Umembala wa ma registrar ndi wa Aaborijini ndi a ku Torres Strait okha. Kukhala munthu wakuda sikukupangani kukhala mwini nthaka wa kumeneko, ngakhale tsankho lina mungakumane nalo mofanana. Koma nkhaniyi ikukukhudzani. Madokotala ophunzira kunja amayenera kugwira ntchito m'madera osowa madokotala kwa zaka zofika khumi kuti odwala awo azilipiridwa ndi Medicare, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, choncho ambiri amapezeka m'matauni a kumidzi ndi m'zipatala za Aaborijini. Mwina registrar wa Chiaborijini adzakhala m'chipinda choyandikana ndi chanu, mwinanso inu ndinu mudzakhale womuyang'anira.

Zikatero, musamusandutse mphunzitsi wanu wa za chikhalidwe. Pitani kwa alangizi amene ntchito yawo ndi imeneyo. Akapempha masiku opita ku msonkhano wa IGPTN kapena wa AIDA, muoneni ngati akupita ku maphunziro, chifukwa ndi kumene akupitadi. Wina akalankhula zonyoza pa tiyi, yankhani inuyo, musadikire kuti ayankhe iye. Ndipo musafulumire kunena kuti mukumvetsa chifukwa kwanunso kunali atsamunda. Kwathu atsamunda anapita ndipo ife ndife ochuluka m'dziko lathu, pomwe mnzanuyo ndi mmodzi mwa anthu 4 pa 100 alionse m'dziko la makolo ake.

Kodi mayiko ena ali ndi zofanana ndi zimenezi?

Inde. Ku New Zealand madokotala a mtundu wa Māori ali ndi bungwe lawo, Te ORA, ndipo ku Canada ndi ku United States kulinso mabungwe a madokotala a eni nthaka. Mabungwewa, pamodzi ndi a ku Hawaii ndi ku Taiwan, amakumana pa msonkhano wotchedwa PRIDoC, umene unayamba mu 2002, kumene ophunzira ndi ma registrar amapitanso limodzi ndi akuluakulu awo.